Bondo Nalonso Lifuna Nkhata

Mkazi wa kumudzi sasenza mtsuko wa madzi kapena mtolo wa nkhuni asanapinde nkhata. Palibe anamphunzitsa zimenezi kusukulu. Adziwa yekha kuti katundu wolemera akakhala pa liwombo popanda kanthu pakati, mutu uwawa ndipo ulendo utalika. Koma mkazi yemweyo akatsikira ku dimba agwada pa dothi louma la nsangalabwi kuyambira mbandakuca kufikira dzuwa liswa mtengo, thupi lace lonse litatsamira pa maondo awiri opanda kanthu. Mwamuna wace acita cimodzimodzi pa nazale ya fodya. Phunziro lino lifotokoza za nkhata ya bondo, ndico cinthu cija a m'masitolo acichula kuti knee pad: kufunika kwace, mitundu yace, ndi mabvalidwe ace oyenera.

NCHITO ZOGWADA

Alimi akafunsidwa ciwalo cimene ciwasautsa achula msana, pakuti khasu lidya msana. Za maondo sazichula kawiri-kawiri, ngakhale kuti nchito zogwada m'dera la Chipata zaculuka koposa kale.

Madimba a m'mbali mwa Lutembwe ndi Lunkhwakwa, ndi ena a m'madambo a ku Chadiza ndi ku Katete, ndiwo apatsa anthu matimati, repu, kabici ndi anyezi m'miyezi yopanda mvula, ndipo zambiri za ndiwozi zifika pa misika ya Kapata ndi Saturday Market. Mwini dimba agwada pofesa, agwada popatulira, agwada pookera, agwadanso pozula udzu ndi manja pakati pa mbeu zanthete pamene khasu silingalowe. Kuwerengera kwace nkosabvuta. Bedi la anyezi la mita imodzi m'lifupi ndi mamita 10 m'litali, lokhala ndi mizera isanu, mbande zitatalikirana masentimita 10, lidya mbande 500. Mlimi wa mabedi khumi aokera mbande 5,000, iri yonse ndi dzanja, ali cogwada. Pambuyo pace abwerera m'mabedi omwewo kangapo kukapalira.

Alimi a fodya ayamba kugwada m'miyezi ya September ndi October, nthawi imene dothi liri louma ndi lotentha koposa. Amene afesa mitengo ya Gliricidia, imene a COMACO alimbikitsa m'Cigawo ca Kum'mawa, atha masiku akudzaza dothi m'timapepala ta mbande. Ulimi wa maenje, umene a Conservation Farming Unit, bungwe lokhazikitsidwa mu 1996, anaufalitsa m'midzi, ufuna maenje pafupi-fupi 4,000 pa lima imodzi. Kukumba kucitika coimirira, koma pothira manyowa ndi pobzala ena atopa ndi kuwerama nayamba kuyenda ndi maondo. Kunyumba kulinso kuzira, kukolopa ndi kupaka Cobra pa simenti, ndi kuumba njerwa pa culu.

Kugwada kwa ulemu, pamaso pa mfumu, pa apongozi kapena m'nyumba ya mapemphero, sikulowa m'nkhani ino. Kumeneko nkwa kanthawi.

CIMENE CICITIKA M'KATI MWA BONDO

Patsogolo pa bondo pali kafupa kobulungira kamene kayenda-yenda munthu akakagwira. Pakati pa kafupako ndi khungu pali kathumba kopyapyala ka madzi oterera, ndipo kena kali m'munsi pang'ono, pamwamba pa msongolo. Nchito ya timatumbati ndiyo kuti khungu liziterereka bwino pa fupa. Pamalo amenewa palibe mnofu wakuti nkucinjiriza. Munthu akagwada pouma masiku otsatana, kathumba kaja kapsinjika, kanyansidwa, ndipo kayamba kudzaza madzi. Bondo litupa patsogolo, nthawi zina kufika pa msinkhu wa dzira la nkhuku kapena kuposa, ndipo pogwira pamveka pofewa.

Kutupa kotere pakokha sikupha munthu. Kuopsa kubwera khungu likabooka. Munga, ciputu, phale kapena kacidutswa ka botolo zitsegula njira, tizirombo tilowa m'kathumba kaja, ndipo madzi asanduka mafinya. Pamenepo bondo lifiira, litentha, munthu amva malungo ndipo alephera kuponda. Wa dimba akagona milungu iwiri nthawi yothirira, mbeu zace sizimdikira.

Coopsa cina ndi kafumbata. Tizirombo ta nthenda imeneyi tikhala m'dothi ndi m'ndowe za ziweto, ndipo manyowa a m'khola la ng'ombe ndiwo cuma ca dimba liri lonse kuno Kum'mawa. Tikonda bala laling'ono lozama, longa la munga, limene munthu alinyoza. Patapita masiku nsagwada ziuma, khosi ndi msana zilimba, ndipo ambiri amene afika pamenepa sapulumuka. Amai ambiri alandira katemera wa kafumbata ku kiliniki ali ndi pakati, koma amuna oculuka sanalandirenso kucokera ubwana wao.

Nkhani ya maondo otupa si ya alimi okha ai. Ku Britain amuna okumba malasha m'migodi yofupika anali kugwira nchito cogwada tsiku lonse, ndipo nthenda yao, imene anali kuichula kuti beat knee, inalowa mu 1907 m'ndandanda wa nthenda zimene wanchito alandirira cipepeso. Mu 2009 boma la kumeneko linaonjezapo nyamakazi ya maondo ya amene anagwira zaka zambiri pansi pa mgodi. M'migodi ndi pa nchito zomanga, zocinjiriza maondo zinakhala cida ca masiku onse pamodzi ndi cisoti ndi jombo. Okalamba a kuno amene anagwirapo ku migodi ya Copperbelt kapena ku malasha a Hwange adziwa mwambo wa zobvala zotere. Ku munda kokha ndiko nzeru imeneyi inacedwa kufika.

MITUNDU INAI

Ku Europe kuli muyeso wochedwa EN 14404, umene unayamba mu 2004, ndipo ugawa zocinjiriza maondo m'mitundu inai. Mlimi wa ku Chiparamba sasowa kuloweza nambala imeneyo, koma magawidwe ace ndi othandiza poganiza.

Mtundu woyamba ndi womanga ku mwendo ndi malamba. Uyenda ndi munthu kuli konse, cotero ukomera amene asuntha-suntha m'mbali mwa bedi. Waciwiri ndi kacidutswa ka siponji kolowetsa m'thumba losokedwa pa bondo la buluku kapena ovolosi. Ulibe malamba ofinya, koma buluku likakhala lalikulu kacidutswako kapita pambali. Wacitatu subvalidwa konse: ndi cogwadira coyala pansi, cimene munthu acisuntha ndi dzanja. Wacinai ndi kampando kokhala ndi pogwadira ndi zogwirira m'mbali, kothandiza okalamba poimirira.

Kwa amai obvala citenje, ndi kwa ali yense wogwira pamalo amodzi, monga podzaza timapepala ta mbande kapena pokolopa, mtundu wacitatu uposa yonse, ndipo ndiwo wosadya ndalama.

KASANKHIDWE KA M'SITOLO

Funso loyamba si la mtengo koma la malo: kodi bondo lidzagwada pa ciani? Pa miyala, pa ziputu ndi pamalo a minga pafunika cokhala ndi cigoba colimba kunja, ca pulasitiki kapena mphira yokhuthala. Pa simenti yosalala cigoba ca pulasitiki citerereka ndipo cikanda pansi. Pamenepo pafunika cofewa. M'dimba, m'mene dothi liri lonyowa m'mawa ndi louma masana, cabwino ndi ca mphira kunja ndi cofewa m'kati.

Za m'katimo ndizo zinyenga anthu. Siponji iri ya mitundu iwiri. Ina, yonga ya matiresi, imwa madzi ndi kuwasunga. Pa sitolo imveka yofewa bwino, koma munthu akagwadapo iphwa yonse, bondo ligunda pansi, ndipo m'dimba isanduka cinyezi cokhala pa khungu tsiku lonse. Ina, yonga ya patapata, siimwa madzi, ndipo ikapsinjidwa ibwerera. Yaciwiriyi ndiyo ya mlimi. Kuyesa kwace nkwa pomwepo: wogula apsinje pakati ndi cala cacikulu ndi cankomba-phala. Zala zikakomana mosabvuta, cinthuco ncacabe, ngakhale cikhale cokongola motani. Akulu anati cikome-kome ca mkuyu m'kati muli nyerere.

Kuyesa kwaciwiri nkwa kugwada. Wogula apemphe mwini sitolo, amange conse ciwiri, aike kamwala pansi, agwadepo. Kamwalako kakamveka pa fupa, munga udzamveka koposa. Aimirire, ayende mapazi khumi, agwadenso. Cikatsikira ku msongolo kapena kupotokera pambali, cidzatero tsiku lonse ku munda, ndipo mwini wace adzatopa naco nacitaya m'nkhokwe. Msinkhu wace uyenera kuphimba kafupa kobulungira kaja pamodzi ndi mutu wa msongolo, pakuti pogwada kulemera kwambiri kugwera m'munsimo, osati pa kafupa pokha.

Pa zina za m'masitolo a zitsulo palembedwa EN 14404 ndi liu lakuti Level. Level 0 ndi ca pansi posalala, ndipo sicilonjeza kanthu pa zobaya. Level 1 cinayesedwa ndi msomali wokankhidwa ndi mphamvu ya 100 N, ndiko kunena kulemera kwa makilogalamu pafupi-fupi 10, osabooka. Level 2 cipirira 250 N, pafupi-fupi makilogalamu 25. Wa munda wa miyala kapena woswa miyala m'mapiri ozungulira Chipata afune ca Level 2. Cosalembedwa kanthu sindiye kuti ncoipa, koma ciyenera kuyesedwa ndi zala ndi kamwala monga tafotokozedwa kale.

Malamba akhale otambalala, a zala ziwiri kapena zitatu, ndipo akhale otheka kufupikitsa ndi kutalikitsa. Malamba omata, aja amveka kung'ambika powamasula, agwira bwino ali atsopano, koma matope ndi njere za udzu zikalowamo aleka kumata. A cokowera akhalitsa m'dimba.

Pa salaula papezeka zambiri zooneka ngati zocinjiriza maondo, ndipo apa mpofunika kucenjera. Za osewera mpira wa manja ndi za ana oyenda pa nsapato za magudumu zinapangidwira kugwa kwa kamodzi, osati kugwada kwa maola. Zambiri nza lasitiki yobvala ngati sokosi, imene ikwinyika kuseri kwa bondo ndi kufinya mitsempha munthu akapinda mwendo. Cimodzimodzi lasitiki ya maondo yogulitsidwa m'masitolo a mankhwala: imeneyo igwira bondo lofooka, koma siitseka munga ndipo siicepetsa kupsinjika.

ZOPANGA PA MUDZI

Mlimi wosowa ndalama asadandaule, pakuti nkhata ya bondo yopanga yekha, ikapangidwa bwino, iposa yochipa ya m'sitolo. Chipata ndi mzinda wa njinga, ndipo matayala ndi machubu otha sasowa pa malo ali onse okonzerapo njinga ndi njinga zamoto.

Cogwadira coyala pansi ndico coyambira. Thumba la saka licapidwe bwino, lipindidwe kanai, m'kati muikidwe mapatapata otha atayalidwa mondondozana, zingwe zace zitacotsedwa, kapena mankhusu a cimanga ouma otsenderedwa zolimba, ndipo m'mbali musokedwe. Utali wace ukhale wokwana maondo onse awiri atatalikirana pang'ono, monga mkono umodzi kucokera pa cigongono kufika ku zala. Pansi pace pakasokeredwa chubu ca galimoto cong'ambidwa, cinyezi sicikwera. Kacingwe kapambali kathandiza kucikoka ndi kucipacika pa mtengo. Cikopa ca mbuzi cofufutidwa, copindidwa kawiri ubweya uli m'kati, cigwiranso nchito pamalo ouma, koma m'madzi ciuma gwa pambuyo pace.

Comanga ku mwendo cifuna luso pang'ono. Tayala la njinga yamoto ndilo loyenera, cifukwa nlopindika kale monga bondo. Lidulidwe cidutswa cotalika ngati cikhato ndi theka, mkombero wa waya wa m'mphepete ucotsedwe wonse, ndipo ngondya zisemedwe kuti zikhale zobulungira. Matayala ambiri a galimoto ali ndi timawaya pansi pa mapazi ace, ndipo timeneti tituluka podulidwa ndi kubaya khungu. Amene alibe lina agwiritse mbali ya tayala yokha, ndipo ayendetse cala mosamala m'mphepete monse asanabvale. M'kati mwa cidutswaco muikidwe patapata wodulidwa bwino, mmodzi kapena awiri osanjikiza, kuti kukhuthala kufike zala ziwiri, ndipo pamwamba pakutidwe ndi nsalu ya thonje yakuti izikhudza khungu. Mabowo abooledwe ndi msomali wotentha, ndipo zonse zisokedwe ndi ulusi wa nayiloni, mfundo ziri kunja. Wosoka nsapato wa pa msika acita nchito imeneyi msanga akaonetsedwa kamodzi.

Malamba ndiwo alakwitsa ambiri. Malegeni opyapyala, aja omangira katundu pa njinga, saloledwa pa mwendo wa munthu: alowa m'mnofu ndi kutseka mwazi. Lamba licokere ku buluku lotha la jinzi, kapena ku cikwama ca sukulu cong'ambika, ndipo likhale lotambalala.

Wobvala ovolosi angathe kupita nayo kwa telala kuti asokere thumba pa bondo liri lonse, lotsegukira m'munsi kapena m'mbali kuti dothi lisadzazemo. Poika cizindikiro ca malo a thumbalo mwini wace akhale atagwada, pakuti nsalu ikwera munthu akapinda mwendo, ndipo thumba loyesedwa coimirira likhala pamalo olakwika.

Cinthu cimodzi ncoletsedwa ndithu: thumba, pepala kapena cigubu cimene munali mankhwala ophera tizirombo kapena mbeu zopakidwa mankhwala cisalowe m'nchito imeneyi, ngakhale citacapidwa.

MABVALIDWE

Kuseri kwa bondo kupita mitsempha yaikulu ya mwazi, ndipo ca kunja, m'munsi pang'ono, kupita mtsempha umene udzutsa phazi poyenda. Lamba likakhala pa mpindiro peni-peni, munthu napinda mwendo, zonsezi zifinyika. Cotero lamba la m'munsi limangidwe pansi pa mpindiro, pamwamba pa katumba, ndipo ndilo ligwire kwambiri. La pamwamba, ngati liripo, likhale lomasuka. Zala ziwiri ziyenera kulowa pansi pa lamba mosakakamiza. Phazi likacita dzanzi, likazizira kapena kutupa, lamba lathina, ndipo limasulidwe nthawi yomweyo. Madokotala adziwa nthenda ina ya anthu okhala conjuta kapena cogwada maola ambiri m'minda, imene phazi lilephera kudzuka ndipo zala zikokeka pansi poyenda. Icokera ku kupsinjika kwa mtsempha wa kunja uja.

Nkwabwino kumanga pamwamba pa buluku, nsalu itakokedwa kuti isakwinyike kuseri. Kamcenga kakalowa pakati pa khungu ndi nkhata kacotsedwe msanga, pakuti kakanda pang'ono-pang'ono mpaka matuza. Popita ku dimba ndi pobwerera, ndi popalasa njinga, nkhata zibvulidwe. Ulendo wa mtunda umodzi ndi malamba omangika ucita zilonda zimene kugwada sikukadacita.

Apa mpofunika kunena zoona: nkhata icinjiriza khungu ndi kathumba kaja, koma siicotsa bvuto lonse. M'kati mwa mfundo ya bondo muli kanyama koterera konga kamene kapezeka kumapeto a fupa la nkhuku. Munthu akapinda mwendo kotheratu, matako atakhala pa zidendene, kanyamako kapanikizika, ndipo zaka zikamapita kaperepeseka. Ndiko kucokera kwa nyamakazi ina imene isautsa okalamba pokwera phiri ndi podzuka pa mphasa. Ngozi ya nkhata yabwino ndi yakuti munthu aleka kumva kuwawa, nagwada nthawi yaitali koposa kale. Cifukwa cace mlimi adziikire lamulo: akafika kumapeto a bedi aimirire, aongole miyendo, ayende kukatunga madzi kapena kukatenga mbande zina, ndipo theka la ola lisapitirire asanatero. Asinthe-sinthe makhalidwe, nthawi zina bondo limodzi pansi lina m'mwamba, nthawi zina pa kampando kafupi. Podzuka atsamire pa mpini wa khasu kapena pa nchafu yace, ndipo asadzuke atanyamula keni yodzala madzi kapena dengu la matimati. Aimirire coyamba, katundu pambuyo.

Mayalidwe a dimba nawonso athandiza. Bedi losapitirira mita imodzi m'lifupi lilola munthu kufika pakati ali m'njira, osakwawa. Njira za pakati pa mabedi zitoledwe miyala, mapale ndi ziputu nchito isanayambe, ndipo zikayalidwa udzu wouma zikhala zofewa ndiponso zisunga cinyezi. Pa nazale ya fodya thabwa losalala logoneka m'njira lipatsa maondo malo ofanana. Pamene khasu la mpini wautali lingagwire, palibe cifukwa cogwadira.

Alipo ena, maka-maka amuna, amene aopa kusekedwa. Ati munthu wobvala matayala m'maondo aoneka ngati wa gule. Kuseka kwa pa dimba kutha masiku awiri, ndipo kawiri-kawiri woseka ndiye ayamba kubwereka. Mbewa ya manyazi inafera ku una.

KASUNGIDWE NDI MANKHWALA A MBEU

Nchito ikatha, matope acotsedwe, nsalu ya m'kati icapidwe ndi sopo, ndipo zonse ziyanikidwe pa mthunzi popita mphepo. Dzuwa la October liumitsa mphira ndi kuing'amba, ndipo moto uisungunula. Zobvalidwa ziri zonyowa zibweretsa zipere ndi kuyabwa. Zipacikidwe m'mwamba, pakuti makoswe akonda siponji, ndipo m'mawa zikutumulidwe, cifukwa cinkhanira cikonda malo obisika otero. Siponji ikaphwa osabwereranso, kapena cigoba cikang'ambika, nchito yace yatha, ngakhale malamba akhale abwino.

Popopera mankhwala nkhata za nsalu ndi siponji zisabvalidwe, ndipo m'bedi longopoperedwa kumene munthu asagwademo kufikira itakwana nthawi yolembedwa pa botolo. Nsalu yomwa mankhwala iwasunga pa khungu la thukuta tsiku lonse ndi masiku otsatira, ndipo mankhwala ambiri a mbeu alowa m'thupi kudzera pa khungu. Nkhata imene mankhwala osasungunula atayikirapo itayidwe m'dzenje, kutali ndi citsime. Ndiponso mlimi adziwe kuti nkhata siitseka likodzo: wogwada m'madzi oima a m'dambo, m'mene muli nkhono, ali pa ngozi yomweyo, abvale asabvale.

BONDO LIKATUPA

Kutupa kofewa, kosafiira ndi kosatentha, kawiri-kawiri kuphwa kokha munthu akaleka kugwada. Apumitse bondolo, aikepo nsalu yonyowetsa m'madzi ozizira kangapo pa tsiku, ndipo pokhala aike mwendo pa mpando. Nchito zoimirira angathe kugwira. Kukapitirira mlungu umodzi kapena iwiri osaphwa, apite ku kiliniki.

Koma bondo likafiira ndi kutentha, likawawa pongolikhudza, munthu akamva malungo, kapena pakakhala bala lotulutsa mafinya, ulendo wa ku cipatala ndi wa tsiku lomwelo. Akacedwa, mafinya afalikira m'mnofu wozungulira, ndipo cimene cikadatha ndi mankhwala akumwa cifuna mpeni wa dokotala ndi masiku ogonera m'cipatala. Makiliniki a m'midzi atumiza odwala otere ku zipatala zazikulu monga Chipata Central, Mwami ndi St Francis ku Katete. Bondo lomangika osaongoka, bondo logwetsa munthu poyenda, ndi phazi la dzanzi losatha, nazonso nza dokotala. Odwala nthenda ya shuga ayang'ane khungu la maondo madzulo ali onse, pakuti zilonda zao zicedwa kupola.

Cizolowezi cotema mphini pa bondo lotupa, kapena kuboola ndi singano kuti madzi atuluke, cionjeza bvuto. Madzi a m'kathumba kaja ngoyera. Lumo ndi singano ndizo zilowetsa tizirombo, ndipo lumo lotemera anthu angapo lipatsirananso nthenda za m'mwazi. Ku cipatala madzi acotsedwa pokha-pokha pamene pafunika, ndi singano yatsopano, khungu litatsukidwa ndi mankhwala.

Bala la munga kapena la msomali litsukidwe nthawi yomweyo ndi madzi oyera ndi sopo, kanthu kotsalira kacotsedwe, ndipo limangidwe ndi nsalu yoyera. Dothi, phulusa, fodya ndi ndowe zisaikidwepo. Amene sakumbukira caka cimene analandira katemera wa kafumbata apite ku kiliniki osadikira kuti nsagwada ziyambe kuuma.

KWA OLEMBA ANCHITO

Mu 2010 Nyumba ya Malamulo ya Zambia inapanga lamulo lochedwa Occupational Health and Safety Act, limene linaika pa wolemba anchito udindo wopatsa anthu ace zobvala ndi zida zocinjiriza thupi, ndi ndalama zace, pamene nchito ingawabvulaze, ndiponso wowaphunzitsa magwiritsidwe ace. Eni mafamu a fodya, eni nazale za mitengo ndi omanga nyumba akonda kukumbukira jombo ndi ovolosi, naiwala maondo. Ngakhale mwini dimba amene aitana aganyu awiri tsiku lookera acita bwino kusunga zogwadira za saka zitatu kapena zinai pa msasa. Waganyu wosamva kuwawa aokera mbande molunjika kufikira madzulo.

Magulu a alimi ndi makalabu a amai angathe kupatula tsiku limodzi m'mwezi wa April kapena May, nshawa zitakumbidwa ndipo madimba asanayambe kwambiri, kuti ali yense abwere ndi saka, mapatapata otha ndi cidutswa ca tayala, apange pamodzi, mmodzi ayese ca mnzace. Mlangizi wa zaulimi wa m'dera lao akauzidwa msanga angathe kuika nkhaniyi pa tsiku la cionetsero ca m'munda. A fodya akonzeretu zao m'mwezi wa August, mabedi a nazale asanakumbidwe.